Dzanja Lamanja la Amalume Eloy

Amalume anga, a Eloy Maestas, anagwira ntchito kuphiri zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma chinthu chimene ankachigwira tsiku ndi tsiku sanachikhudzepo ndi khungu lawo. Kwathu kuno kuchigwa cha Española, munthu akati ali kuphiri ndiye kuti akunena labotale yaikulu ya boma ya zanyukiliya imene ili pamwamba pa phirilo. Pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu wake kumeneko. Wina amakolopa, wina amalondera pageti, wina amakonza mapaipi. Amalume anali wowotcherera. Ankatsekera mibulu ya pulutoniyamu, chitsulo chotulutsa cheza choopsa, m'tizitini ta chitsulo china chosowa, ndipo mibuluyo ndi imene imapatsa magetsi zombo zopita kutali m'mlengalenga, kumene dzuwa limangooneka ngati nyenyezi yowala.

M'bulu umodzi sutalika kuposa chala chachikulu, koma umatentha wokha kwa zaka zambirimbiri popanda wousonkhezera. Ukausiya pambale yake umafiira ngati khala. Chombo chimatenga kutenthako n'kukusandutsa magetsi. Mibulu makumi atatu ndi iwiri ikaikidwa pamodzi, magetsi ake amangokwana kuyatsa babu limodzi lowala bwino, ndipo amalume sankatopa kuseka nazo.

"Madola mamiliyoni ankhaninkhani, kuti tiyatse babu limodzi," ankatero patebulo. "Ine kwanga firiji, wailesi, pampu ya pachitsime, zonsezo madola sikisite pamwezi."

Mayi anga, omwe ndi mlongo wawo, ankati, "Ndiye bwanji osawauza, achimwene, ndalamazo akupatseni inu muwakokere waya?"

"Waya wofika kuseri kwa Jupita? Makwerero ukandigwirira ndiwe?"

Ntchito yonse imachitikira m'bokosi lalitali lachitsulo, lokhala ndi mawindo agalasi, lomatidwa kuti mpweya wa m'katimo usatuluke. M'mbali mwake muli mabowo, ndipo m'mabowomo anamatiriramo magolovesi okhuthala ofika m'mapewa. Munthu amalowetsa mikono mmenemo n'kumayang'ana pagalasi. Choopsa kwambiri ndi fumbi. M'bulu ukagwa n'kunyenyeka, kapena ukakhudza golovesi n'kuipsereza, kafumbi kosaoneka ndi maso kangalowe m'mapapo a munthu n'kukhala momwemo moyo wake wonse.

Ine ndinalowa m'chipinda cha bokosi limenelo nditamaliza sekondale ndi kosi ya chaka chimodzi. Ntchito yanga ndi kuyeza ngati pathupi pa munthu pamatirira fumbi lija. Munthu akangotulutsa manja m'magolovesi amawatambasula, ine n'kuyendetsa choyezera pang'onopang'ono pamwamba pake, kumvetsera ngati chilira. Kumaso kwa choyezeracho kuli kapepala konyezimira, kopyapyala kuposa khungu la anyezi. Chiyenera kuyandikira kwambiri dzanja koma osalikhudza, chifukwa kapepalako sikachedwa kubooka. Kuntchito sindinkawatchula kuti amalume. Ndinkati a Maestas, iwonso ankanditchula dzina la bambo anga ngati sakundidziwa.

Mwezi wa Epulo kapepala kanabooka ndikuyeza dzanja lawo lamanja. Ndinati ndalakwitsa ndine, ndipo ndinalemba choncho m'buku. Mu Meyi kanabookanso. Kachitatu ndinaona bwinobwino. Choyezera changa sichinasunthe. Dzanja lawo ndi limene linanjenjemera, ndipo mphete yapulasitiki imene aliyense amavala pachala yoyeza cheza inagunda kapepala, tho. Anangobweza dzanjalo n'kuliika m'thumba. Ndinalembanso kuti ndaboola ndine, ndipo kachinayi ndinachitanso chimodzimodzi.

Chaka chimenecho chinali chovuta kale. Panali chombo chimene chinayenera kunyamuka nthawi imene mapulaneti aima pabwino, ndipo chikaphonya nthawiyo chinayenera kudikira zaka. Bwana wathu, a Dunlap, munthu wamtali wa ku Ohio yemwe ankatuluka thukuta ngakhale m'nyengo yachisanu, anatisonkhanitsa n'kutiuza mosabisa. Mibulu makumi atatu ndi iwiri ikhale itatsekeredwa pofika kumapeto kwa Okutobala. Ku Washington kunali anthu amene ankati njira yathuyi n'njodula mopyola, pulutoniyamu yake ndi yochepa, ndipo ntchito yonse yatsamira pa anthu owerengeka. Iwo ankafuna chombocho achiveke mapanelo a sola akuluakulu, chikayendere pafupi m'malo mopita kutali. Tikachedwa, anthu amenewo apambana, ndipo chipinda chathu, chokhala ndi antchito makumi anayi, chikhoza kutsekedwa.

Zoti ntchito yatsamira pa anthu owerengeka sankanama. Amene anali ndi chilolezo chogwira m'bulu wamaliseche anali awiri okha, amalume ndi mayi Ofelia Roybal. Wachitatu, a Facundo Vigil, anasamukira kugawo lina msana utawavuta, ndipo chilolezo chawo chinatha. Kuphunzitsa munthu watsopano kumatenga zaka ziwiri. Lamulo limati palibe amagwira yekha: wina manja m'magolovesi, mnzake amaima pambali, kuwerenga malangizo mzere ndi mzere, maso ali pamanja. Amasinthana m'bulu ndi m'bulu, chifukwa pali malire a cheza chimene manja a munthu angalandire pachaka. Mphete ya mayi Ofelia inali itayandikira kale malirewo. Sakanatha kutsiriza okha.

Mayi Ofelia anali wamfupi, wamawu aakulu, ndipo m'minibasi yathu ya m'mawa ankakhala pampando wakutsogolo ngati anaugula. Anali amayi a ubatizo a mwana woyamba wa amalume, ndipo awiriwo ankanyozana kuyambira pamlatho mpaka pageti.

"Madala, lero mwasamba? Kapena ndi mbuzi zanu zija zikununkha?"

"Ndi mafuta anu a m'tsitsiwo, mayi. Akanatha kuyendetsa chombo popanda pulutoniyamu."

"Akadayendetsa, bwenzi inu muli pakhomo kuweta mbuzi nthawi zonse."

Koma kuyambira mu Juni ndinaona kuti amalume asiya kunyamula fulasiki yawo ya khofi. Ndinaonanso kuti tsiku lililonse limene manja awo anali m'magolovesi, ntchito inkayamba m'mawa kwambiri n'kutha nkhomaliro isanakwane. Wogwira m'bulu masana ankakhala mayi Ofelia basi.

Loweruka lina mu Seputembala ndinapita kwawo kukathandiza kusenda tsabola wowamba. Tinakhala pakhonde awiriwiri, thumba lili pakati, fungo la tsabola likuyabwa m'maso. Ndinayeserera mawuwo m'mutima maulendo ambiri. Pomaliza ndinalankhula nditayang'ana m'beseni.

"Amalume, dzanja lanu."

"Latani?"

"Laboola zoyezera zinayi."

Anapitiriza kusenda. Tsabola anali kugwedezeka pakati pa zala zawo.

"M'buku unalemba chiyani?"

"Ndinalemba kuti ndine."

"Ndani anakutuma kunama, iwe Benita?"

Anaponya tsabola m'beseni n'kupukuta manja pathalauza.

"Yatsala isanu ndi umodzi. Itatu ndi yanga. Ikatha, mu Novembala ndikadzipereka ndekha kwa dokotala wa kuntchito, ndikatambasula manja patebulo pake aone. Panopa m'mawa limakhala phee. Limayamba masana ndikatopa."

"Nanga likadzayamba m'mawa?"

"Silinayambepo."

"Amalume, m'bulu ukagwa…"

"Ukundiphunzitsa ine za m'bulu? Unali usanabadwe ine ndikuwotcherera." Anakweza mawu, kenaka anawatsitsa. "Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Ndikanena lero, mawa andilanda baji ya m'chipinda muja. Ofelia yekha saloledwa. Ntchito iima miyezi iwiri, itatu. Aja a sola adzati mwaona, tinkanena. Iweyo udzapita kuti? Kukagulitsa mafuta pamsewu? Aja a ana ang'onoang'ono aja adzapita kuti?"

Anatola tsabola wina. Patapita nthawi anati, "Bambo anga anakumba maenje kuphiri kuja zaka makumi atatu, sanauzidwepo kuti maenjewo ndi a chiyani. Ine ndikudziwa kumene zanga zikupita. Ndisiye nditsirize."

Lolemba m'chipinda chosinthira zovala ndinapeza mayi Ofelia okha, akumata tepi m'mikono ya ovololo yawo. Ndinaima pafupi nawo mpaka anatembenuka.

"Mtsikana iwe, ukayima choncho ngati mtengo wa magetsi umandiopsa. Nena."

"A Maestas…"

"Ukuganiza kuti ndine wakhungu? Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyang'ana manja amenewo. Ndimawadziwa kuposa mmene amawadziwira mkazi wawo." Anadula tepi ndi mano. "Nthawi ya m'mawa ndinawakonzera ndine. Ndimagona? Sindigona. Ndimangowerengera. Isanu ndi umodzi, isanu, inayi."

"Ndiye titani, mayi?"

"Iwe uzigwira choyezera chako patali pang'ono. Zinazo usiye akuluakulu."

Choyezera chikatalikira sichimva kanthu, ndipo onse awiri tinkadziwa zimenezo. Sindinachitalikitse. Ndinangoyamba kugwira chigongono cha amalume ndi dzanja langa lamanzere poyeza, ngati kuti ndikuwawongolera kukuwala.

Mibulu iwiri inadutsa bwino, wa amalume m'mawa, wa mayi Ofelia masana. Inatsala inayi. Wotsatira unali wa amalume, Lachitatu loyamba la Okutobala, seveni koloko m'mawa.

Lachiwiri a Dunlap analowa akupukuta pamphumi. Anati alendo asanu a ku Washington, aja oweruza za mtengo wa ntchito yathu, akubwera kudzaona ndi maso awo. Ndege yawo itera mochedwa, ndiye ntchito ya mawa iyamba thu koloko masana kuti aonere pawindo la m'khonde.

"Eloy, ndakondwa kuti ndi tsiku lanu," anatero. "Ndikufuna aone manja abwino kwambiri amene tili nawo."

Mayi Ofelia anati, "Bwana, ndingagwire ine mawa, iwo adzagwire Lachisanu."

"Mphete yanu sikulola, Ofelia. Ndaona manambala dzulo. Mwatsala ndi iwiri yokha, ndipo iyenera kutalikirana."

Onse anayang'ana amalume. Akanati akane, akanayenera kunena chifukwa. Anamwetulira n'kunena kuti, "Auzeni abwere ndi makamera."

Lachitatu amalume sanadye nkhomaliro. Anakhala pabenchi manja ali pakati pa mawondo. Alendo anachedwanso, ndipo tinalowa m'chipinda itadutsa fili koloko. Pawindo la m'khonde panaima anthu asanu ovala mabaji ofiira a alendo, a Dunlap ali pakati pawo kuloza uku ndi uku. Mawu awo sankamveka. Chimene chinkamveka ndi mafani okoka mpweya okha.

Amalume analowetsa mikono m'magolovesi. Mayi Ofelia anaima kumanja kwawo ndi buku la malangizo, ine kumbuyo kwawo ndi choyezera, pamalo pamene ndimatha kuona pagalasi.

"Mzere wachisanu ndi chiwiri. Onetsetsani kuti kachitini kakhala bwino pampando wake."

"Kakhala."

"Mzere wachisanu ndi chitatu. Tsekulani chotengera."

"Ndatsekula."

M'bulu unaoneka pambale yake, wotuwa, m'mphepete mwake mukufiira pang'ono. Kuchokera pambale kufika pakachitini ndi mtunda wosakwana mkono umodzi. Munthu amaupana ndi chopanira chachitali, kuunyamula, kuuyendetsa, kuutsitsira m'kachitini kamene kukamwa kwake n'kongokwana m'buluwo. Amalume anachita zimenezi maulendo mazanamazana.

"Mzere wachisanu ndi chinayi. Nyamulani."

Anapana, ananyamula. Theka loyamba la ulendo linayenda ngati masiku onse. Atafika pamwamba pa kachitini anaima kuti alunjike, ndipo pamenepo nsonga ya chopanira inayamba kuvina. Poyamba pang'ono. Anadikira kuti ileke. Siinaleke. Anabweretsa dzanja lamanzere kuti ligwire mkono wamanja, koma magolovesi aja ndi okhuthala, ndipo chopanira chinapendekeka. M'bulu unagunda mlomo wa kachitini. Sindinamve phokoso, ndinangoona ukugunda.

Mayi Ofelia analeka kuwerenga. Khosi la amalume linali litanyowa. Anayesanso kutsitsa, m'bulu unaphonya kukamwa n'kubwerera m'mwamba, ndipo tsopano unali kulendewera chapafupi ndi golovesi ya kumanzere. Akanautsitsa mokakamiza ukananyenyeka. Akanaubweza kumbale, ulendo unali wautali kwa dzanja limene linali kugwedezeka mpaka m'chigongono.

M'chipinda muja muli lamulo lakuti aliyense, ngakhale wokolopa, akati tiime, zonse zimaima ndipo palibe womufunsa mpaka zinthu zitakhala pabwino. Mawuwo anali pakamwa panga. Chimene chinatuluka ndi china, ndipo chinatuluka chapansipansi.

"Amalume."

Sanatembenuke. Ndinaona mapewa awo akukwera n'kutsika kamodzi.

"Tiime," anatero, mokweza, kuti ndi a m'khonde omwe amve. "Ofelia, ndibweretsere mbale. Dzanja langa lakana."

Mayi Ofelia anaponya buku pansi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kulowetsa mikono m'magolovesi oyandikana nawo. Anakoka mbale pang'onopang'ono mpaka inafika pansi penipeni pa chopanira.

"Ndafika, madala. Musathamange. Tsitsani ngati mukuika mwana pabedi."

"Sindikuona bwino, thukuta."

"Ndikuonerani ine. Tsikani. Tsikaninso. Pang'ono. Basi, tayani."

M'bulu unakhala pambale. Unagwedezeka kamodzi n'kukhazikika. Mayi Ofelia anauvundikira, kenaka anatsamira mutu pagalasi.

Amalume anatulutsa manja n'kuwatambasula kwa ine monga mwa lamulo. Lamanja linkanjenjemera poyera, anthu onse akuona, ndipo sanalibise. Ndinagwira chigongono, ndinayeza chala ndi chala, kumbuyo ndi kutsogolo, mikono, chifuwa. Choyezera sichinalire. Ndinayezanso kachiwiri ngakhale panalibe chifukwa.

"Mulibe kanthu, a Maestas."

"Zikomo, mayi," anatero, n'kutuluka.

Madzulo omwewo anakatambasula manja patebulo la dokotala. Anauza a Dunlap zonse, kuyambira Epulo. Anafuna kunena kuti palibe wina ankadziwa, koma mayi Ofelia anawadula mawu, ndipo nanenso ndinakatenga buku langa n'kuonetsa mizere inayi ija. Ine anandiimitsa ntchito milungu iwiri ndipo ndinabwereza mayeso. Mayi Ofelia analandira kalata yowachenjeza. A Dunlap sanakalipe. Anangokhala pampando n'kufunsa kuti, "Eloy, bwanji simunandiuze mu Epulo? Bwenzi Facundo titamuyambitsa kale maphunziro."

M'bulu uja anauunika masiku atatu n'kupeza kuti sunang'aluke. A Facundo anawaitana kuchokera kugawo lawo, ndipo zinatenga milungu isanu ndi iwiri kuti chilolezo chawo chibwerere. Mibulu inayi yotsala inatha pakati pa Disembala. Anzathu amene amalumikiza zonse pamodzi anagwira ntchito masiku a tchuthi kuti abweze nthawi, ndipo chombocho sanachisinthe. Koma chaka chotsatira tinamva kuti chachiwiri, chimene tinkayembekezera kuti chitipatsa ntchito zaka zina zisanu, achichotsa pamndandanda. Ngati alendo asanu aja analemba za dzanja la amalume m'lipoti lawo, ife sitinauzidwe. Anthu khumi ndi mmodzi anasamutsidwa m'chipinda chathu. Ena mwa iwo sawapatsa moni amalume akakumana kutchalitchi.

Dokotala anati matendawo si akupha, koma sadzatha. M'chipinda muja amalume sanalowemonso. Anawapatsa desiki kuofesi ya zida, anakhalako milungu isanu ndi umodzi, kenaka anapuma pantchito. Kwa miyezi iwiri ndikapita kwawo ankandilonjera n'kutuluka kukaona mbuzi.

Mu Febuluwale a Dunlap anawaimbira foni. Anati achinyamata awiri ayamba maphunziro, ndipo pali zambiri zimene sizili m'buku la malangizo, zimene zili m'mutu mwa amalume mokha. Anawapempha kuti azilembe, zokhazo zimene si zachinsinsi, zokhudza kaimidwe, kagwiridwe ndi kasamalidwe ka magolovesi. Amalume anavomera, anagula kope, anakhala nalo patebulo. Zilembo zinkatuluka ngati mapazi a nkhuku. Anang'amba masamba atatu. Loweruka lake anaimbira mayi anga.

"Mwana wako uja ali ndi chochita? Muuze abwere ndi cholembera. Kunama amatha, tione ngati kulemba zoona amathanso."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndimakhala patebulo lawo la kukhitchini, iwo akuyendayenda kumbuyo kwanga. Nthawi zina mayi Ofelia amabwera ndi mabisiketi a shuga n'kukhala pakona kuti azitsutsa.

"Lemba," amatero amalume. "Ukamayesa golovesi m'mawa, usadalire maso okha. Ulowetse dzanja, utambasule zala, umvetsere ngati pakati pa zala pakuzizira. Pakazizira, pali kabowo."

"Bodza," amatero mayi Ofelia. "Pamayamba kuzizira ndi pachigongono."

"Buku ili ndi la ndani, mayi?"

"Ndi la ana amene ine ndidzaime nawo pabokosi. Benita, lemba zonse ziwiri."

Ndimalemba zonse ziwiri. Sabata yatha tinafika tsamba la makumi anayi ndi limodzi, pamutu wonena za nthawi imene munthu ayenera kuuza mnzake kuti watopa. Amalume anati mutu umenewo tiudumphe kaye, tidzaubwerera. Mayi Ofelia anati sitidumpha, ndipo anakoka mpando n'kuwauza kuti akhale pansi.